Tomato amene anathyoledwa masamba: lipoti la munda umodzi

Mmene nkhani inandipezera

Mayi wina wolima tomato anabwera kwa ine ndi masamba asanu m'kajumbo. Anali atawathyola dzulo lake madzulo, ndipo pofika m'manja mwanga anali ofota, onyowa ndi thukuta la m'jumbomo, achikasu, ena ali ndi zigamba zofiirira zouma.

"Alangizi, tomato wanga wagwidwa ndi chiwawu," anatero mayiwo. "Ndapopera kawiri koma sakusintha."

Ndinawatembenuza masambawo, ndinaona zigamba zoumazo, ndipo ndinavomera. Ndinawauza kuti achotse masamba odwala, akawakwirire kutali ndi munda, ndipo apitirize kupopera motsatira zolembedwa pa botolo. Sindinafunse kuti masambawo anachokera pati pa mtengo. Sindinafunse za feteleza. Apa m'pamene ndinalakwa, ndipo ndikulemba lipotili makamaka chifukwa cha kulakwa kumeneku, popeza zimene zinatsatira zinachokera pa mawu anga.

Patapita masiku 9 mayiwo anandiimbira foni. Chikasu chinali chitakwera mpaka pakati pa mitengo, ndipo tsopano zipatso zinayamba kuyera mbali imodzi ngati zathiridwa madzi otentha. Ndinapita m'mawa mwake.

Zimene ndinapeza m'munda

Munda unali wa mizere 10, mzere uliwonse wa mitengo pafupifupi 30, tomato wa mtundu wokwera womangirira ku timitengo. Anali ndi masabata 10 chiwokereni, mtengo uliwonse utanyamula masango atatu kapena anayi a zipatso. Dothi linali lamchenga, lothiriridwa tsiku ndi tsiku.

Mizere 6 inali yovula. Mayiwo anamva bwino mawu anga akuti achotse masamba odwala, ndipo poti tsamba lililonse lokhala ndi kachikasu kwa iwo linali lodwala, anathyola onse kuyambira pansi mpaka pafupi ndi nsonga. Panatsala timasamba tinayi kapena tisanu tanthete pamwamba, masango a zipatso ali pamtetete. Mizere 4 yotsalayo anali asanaifike. Mizere imeneyi ndi imene inandiuza zoona.

Ndinagwada pa mtengo woyamba n'kuyamba kuona kuchokera pansi kupita m'mwamba. Masamba a pansi penipeni anali achikasu kwambiri, ena atauma zigamba pakati pa mitsempha. Masamba a pakati, makamaka oyandikana ndi masango olemera, anali achikasu pakati pa mitsempha koma mitsempha yeniyeniyo ndi kamzere ka m'mbali mwake ikali yobiriwira, moti tsamba linkaoneka ngati ukonde wobiriwira woyalidwa pa nsalu yachikasu. Masamba a kunsonga anali obiriwira bwino, a msinkhu wake, osapiringizika. Nditapinda tsamba limodzi lachikasu, linathyoka m'malo mopindika. Linali lokhuthala ndi louma gwaa ngakhale dothi linali lonyowa.

Zimenezi zinali chimodzimodzi mtengo ndi mtengo, mzere ndi mzere. Panalibe malo amodzi amene vuto linayambira n'kumafalikira, monga amachitira matenda. Kusiyana kunali kuwiri kokha: mitengo yobereka kwambiri ndi imene inali yachikasu kwambiri, ndipo masamba oyang'ana kumene dzuwa la masana limaomba anali opsa kuposa obisika.

Zimene ndinaganizira n'kuzikana

Chiwawu choyambitsidwa ndi nkhungu yotchedwa Alternaria solani chimayambiradi pa masamba a pansi, ndipo n'chifukwa chake ndinapusitsika. Koma mawanga ake amakhala ozungulira, okhala ndi mizere yozungulirazungulira m'kati ngati ya pa chitsa chodulidwa, ndipo chikasu chimazungulira banga lililonse mosasamala mitsempha. Ndinafunafuna m'mizere yonse inayi, ndinapeza mawanga otere pa masamba atatu okha okhudza dothi. Zigamba zina zonse zinali zotsatira mpata wa pakati pa mitsempha, zopanda mizere.

Akangaude ofiira amasiya timadontho tating'ono toyera pamwamba pa tsamba, iwo ali kunsi ndi ulusi wawo. Ndinayang'ana kunsi kwa masamba ndi galasi lokulitsa zinthu, kunalibe. Matenda opiringiza masamba amene amafalitsidwa ndi ntchentche zoyera amagwira nsonga, timasamba n'kukhala tating'ono topindikira m'mwamba, koma nsonga zinali zabwino. Ndinadula tsinde limodzi motalika kuti ndione ngati njira za madzi zada monga zimakhalira pa matenda ofotetsa a Fusarium, m'kati munali moyera. Mizu nayo inali yoyera, yopanda zotupa.

Zinatsala ndi michere. Kusowa kwa nayitrojeni kumayambiranso pansi, koma tsamba lonse limatuwa pamodzi ndi mitsempha yake, ndipo mtengo umaonda. Kusowa kwa potaziyamu kumawaula m'mphepete mwa tsamba. Kusowa kwa ayironi kumapanga ukonde womwewo wa mitsempha yobiriwira, koma kunsonga, pa masamba atsopano. Ukonde wobiriwira pa masamba akale, tsamba lokhuthala lothyoka msanga, pa mtengo wolemedwa ndi zipatso, chimenecho ndi chizindikiro cha kusowa kwa maginiziyamu.

Nditafunsa za feteleza, nkhani inagwirizana. Zipatso zitayamba, mayiwo anathira feteleza wokhala ndi potaziyamu wambiri, zimene n'zoyenera. Ataona chikasu choyamba anaganiza kuti tomato ali ndi njala, anathiranso, mlingo wowirikiza. Kapepala koyezera asidi wa m'dothi kanasonyeza pH, kutanthauza muyeso wa asidi, ya pafupifupi 5.5, pamene tomato amakonda pakati pa 6.0 ndi 6.8; nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka.

Chifukwa chake malo a tsamba pa mtengo ali ndi tanthauzo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tsamba ndi chiwalo, monga mapapo kapena chiwindi kwa munthu, ndipo kapangidwe kake kakutsata ntchito yake. N'lopyapyala ndi lotambalala kuti kuwala kufike pa maselo ambiri. Kunja kwake kuli khungu lopakidwa phula loletsa madzi kuthawa. Pansi pa khungu la pamwamba pali maselo ataliatali oima mothithikana, odzaza ndi timatumba tobiriwira mmene chakudya chimapangidwira. Pansi pa amenewo pali maselo otayana okhala ndi mipata ya mpweya ngati siponji. Pa khungu, makamaka la kunsi, pali timabowo tosaoneka ndi maso totchedwa stomata, kalikonse kali ndi maselo awiri ngati milomo, amene amatupa kuti kabowo katseguke ndi kuphwa kuti katsekeke. M'timabowomu ndi mmene mumalowera kaboni dayokisaidi, amene mu mpweya alimo pafupifupi 0.04 peresenti yokha, ndipo ndi mmene mumatulukira okosijeni ndi nthunzi ya madzi. Madzi oposa 95 peresenti amene mizu imamwa amatulukira m'masamba chonchi. Si kuwononga ayi. Kutuluka kwa nthunziko ndi kumene kumakoka madzi ndi michere kuchokera m'dothi, ndiponso kumaziziritsa tsamba.

Mitsempha ya tsamba ili ndi njira ziwiri zoyandikana. Ya xylem imakweza madzi ndi michere kuchokera ku mizu, ndipo imapita mbali imodzi basi. Ya phloem imanyamula shuga wopangidwa m'tsamba kupita kulikonse kumene akufunika: ku zipatso, kunsonga, ku mizu. Michere ina imatha kulowa m'njira yachiwiriyi n'kusamuka. Nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu ndi maginiziyamu ndi yotero. Ikachepa, mtengo umaichotsa m'masamba akale n'kuitumiza ku masamba atsopano ndi ku zipatso, moti tsamba lakale ndi limene limayamba kuonetsa njala. Kashiamu ndi ayironi sasamuka mosavuta akakhazikika, n'chifukwa chake njala yake imaonekera pa zimene zikukula kumene. Funso lakuti tsamba ili linachokera pansi kapena pamwamba limagawa pakati zinthu zoganizira, ndipo tsamba la m'jumbo silingayankhe funso limeneli.

Kubiriwira kwa tsamba kumachokera ku chlorophyll, amene amagwira kuwala. Pakatikati pa chlorophyll aliyense pamakhala atomu imodzi ya maginiziyamu yogwiridwa ndi maatomu anayi a nayitrojeni. Amene anaonetsa kuti maginiziyamu ndi mbali ya chlorophyll anali katswiri wa ku Germany, Richard Willstätter, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1915 chifukwa cha ntchito yake pa utoto wa zomera. Ambirife timathera pomwepa pofotokoza: maginiziyamu wasowa, chlorophyll wasowa, tsamba lachita chikasu. Koma maginiziyamu wambiri wa m'tsamba sali mu chlorophyll. Amathandiza enzayimu ya Rubisco imene imagwira kaboni dayokisaidi, ndipo amafunikanso pokweza shuga m'njira ya phloem. Akachepa, tsamba limapitiriza kupanga shuga koma kutumiza kumavuta. Shuga ndi sitachi, amene ndi shuga wosungidwa, zimaunjikana m'tsamba, n'chifukwa chake limakhuthala ndi kuuma gwaa. Tsamba lodzaza chotero silithanso kugwiritsa ntchito kuwala konse kumene likulandira, ndipo mphamvu yotsalayo imawononga maselo ake omwe. Izi zikufotokoza chimene ndinaona, kuti masamba a mbali ya dzuwa anapsa kuposa a mumthunzi pa mtengo umodzimodzi.

Mbali ya dothi njachidule. Mchenga susunga maginiziyamu, madzi othirira tsiku ndi tsiku amamukokolola, ndipo dothi la asidi limawonjezera vutolo. Potaziyamu akachuluka pafupi ndi mizu amalimbirana naye polowera, ndipo potaziyamu ndi amene amapambana. Feteleza wachiwiri uja, amene mayiwo anathira pofuna kuchiza chikasu, ndi amene anachikulitsa.

Za kuthyola masamba

Nditawafotokozera kuti si chiwawu, mayiwo sanadandaule kwenikweni za masamba amene anathyola.

"Komatu alangizi, masambawa amangodya chakudya cha zipatso. Ndinamva kuti ukawachotsa, feteleza yense amapita ku tomato."

Maganizo amenewa ndawamva kwa alimi ambiri, ndipo si opusa. Munthu amaona feteleza akulowa m'dothi, amaona chipatso chikukula, ndiye tsamba limaoneka ngati mlendo wokhala pakati n'kumadya nawo. Koma feteleza si chakudya cha mbewu m'lingaliro limenelo. Mukaumitsa chipatso cha tomato mpaka madzi onse atatha, chotsalacho mbali yaikulu ndi shuga, maasidi ndi zinthu zina zopangidwa kuchokera ku kaboni wa mu mpweya, ndipo kaboniyo analowera pa tsamba. Michere ya m'dothi ndi kagawo kochepa chabe. Katswiri wina wa sayansi, Jan Ingenhousz, anaonetsa kale mu 1779 kuti mbali zobiriwira za chomera ndi zimene zimatulutsa mpweya wabwino, ndipo zimatero pa kuwala pokha. Pa tomato wokwera, pakati pa tsango ndi tsango linzake pamakhala masamba atatu, ndipo masamba oyandikana ndi tsango ndi amene amalidyetsa kwambiri.

Mawu okha sakanawakhutiritsa, ndipo ine amene ndinawasokeretsa poyamba ndinalibe chifukwa choyembekezera kuti angondikhulupirira. Choncho tinachita kayezedwe kakale kamene katswiri wa zomera, Julius von Sachs, anagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1860. Tinasankha tsamba labwino lobiriwira, tinakulunga pakati pake ndi kachidutswa ka pepala la aluminiyamu mbali zonse ziwiri, likali pa mtengo. Patapita masiku awiri tinalithyola chakumadzulo, tinaliviika m'madzi owira kwa mphindi imodzi, kenako m'kabotolo ka sipiriti koimikidwa m'madzi otentha kutali ndi moto, mpaka kubiriwira konse kutasungunuka. Titalitsuka n'kudonthezera ayodini, mbali zimene zinkaona dzuwa zinada bii, koma pamene panali pepala panatsala mzere wotuwa. Chakudacho ndi sitachi.

Mayiwo analigwira tsambalo kwa kanthawi. "Ndiye kuti chakudyacho chimaphikidwa muno?"

"Eya mayi, muno. Mizu imatunga madzi ndi michere, koma kuphika n'kwa tsamba."

Tsamba lachikasu pang'ono limagwirabe ntchito ndi mbali zake zobiriwira, komanso ndi nkhokwe ya maginiziyamu imene mtengo umatapamo. Mukalithyola, mtengo umasamukira pa tsamba lotsatira n'kuyamba kutapa pamenepo. N'chifukwa chake m'mizere yovula ija chikasu chinakwera msanga kuposa m'mizere yosakhudzidwa. Mayiwo ankathyola, chikasu n'kukwera, iwo n'kuthyolanso.

Zipatso zoyera mbali imodzi zinali zowauka ndi dzuwa. Chipatso sichitha kudziziziritsa ngati tsamba, ndipo chimene chinakulira mumthunzi chikavundukulidwa mwadzidzidzi khungu lake limafa, n'kukhala chigamba choyera cholowa m'kati, chimene pambuyo pake chimagwidwa ndi nkhungu. Ngakhale zosawauka zinapsa mwa mawangamawanga, zachikasu m'mapewa, poti utoto wofiira wa tomato supangika bwino chipatso chikatentha kupitirira madigiri 30 kapena 32 a Celsius.

Sindikunena kuti tsamba la tomato lisamathyoledwe. Lokhudza dothi, louma, ndi la pansi pa tsango limene lakololedwa kale liyenera kuchoka kuti mphepo idutse. Koma awiri kapena atatu pa sabata pa mtengo umodzi, m'mawa wa tsiku louma kuti bala liume msanga. Mawu amenewa ndi amene ndikanayenera kunena tsiku loyamba lija.

Zimene tinachita

Tinasiya kuthyola ndipo tinasiya mankhwala a chiwawu, kupatula kuchotsa masamba atatu aja a mawanga enieni. Feteleza wa potaziyamu tinamuimitsa kwa masabata awiri, kenako tinabwerera ku mlingo wake woyamba, poti tomato wobereka amamufunabe.

Pa masamba tinapopera mchere wa Epsom, umene ndi maginiziyamu salifeti wokhala ndi maginiziyamu pafupifupi 10 peresenti. Tinasungunula magalamu 20 pa lita imodzi ya madzi, tinayesa kaye pa mitengo isanu, ndipo patapita masiku awiri osaona kuwauka tinapopera munda wonse, katatu, motalikitsa masiku 10. Ndinawapempha mayiwo kuti azipopera dzuwa litapepa kapena m'mawa kwambiri, ndiponso azilozetsa kamwa ya sipuleya m'mwamba kuti kunsi kwa tsamba kunyowe. Masana madzi amauma msanga, mchere n'kutsala wokhathamira pa tsamba n'kuliwaula, ndipo umalowa m'tsamba pokhapokha dontho likali lonyowa. Pa mizere yovula panalibe masamba okwanira olandirira, choncho mchere womwewo tinauthiranso m'madzi othirira pa phata la mtengo.

Kuthirira tinakusintha kuti kukhale kwa madzi ochepa nthawi imodzi, osati odutsa mizu n'kumakokolola michere. Tinaphimbiranso dothi.

Mizere yovula inafunika mthunzi ndi masamba atsopano. Tinayala ukonde wa mthunzi mbali ya dzuwa la masana. Tinachitanso chinthu chosemphana ndi chizolowezi: pa mtengo uliwonse tinasiya mphukira ziwiri za m'khwapa kuti zikule, n'kuzidula nsonga zitatulutsa masamba awiri, kuti zikhale zodyetsa ndi zophimba masango popanda kubereka zokha. Zipatso zowauka tinazichotsa, ndipo pa masango a pamwamba tinapatulira n'kusiya zinayi pa tsango, chifukwa masamba otsalawo sakanatha kudyetsa zonse.

Zotsatira

Ndinawachenjezeratu mayiwo kuti asayembekezere masamba achikasu kubwerera mwakale. Mbali yakufa yafa, ndipo yachikasu kwambiri imangobiriwirako pang'ono. Poyang'ana ndi pa malire, pamene chikasu chalekezera. Tinamanga kansalu pa tsinde la mitengo 10 pa tsamba lomaliza lachikasu.

Patapita masabata awiri, m'mizere inayi ija chikasu chinali chisanadutse kansalu pa mitengo yonse imene tinaika chizindikiro. Masamba a pakati amene anali atangoyamba kutuwa anabiriwiranso. Mizere imeneyi inabereka mpaka tsango lachisanu ndi chimodzi, zipatso za msinkhu wabwino.

Mizere 6 yovula inachira mochedwa. Chikasu chinaima, mphukira zinaphimba masango patatha masabata atatu, koma masango awiri a pansi ambiri anali atawonongeka kale, maluwa a tsango lachisanu anayoyoka pa mitengo yambiri, ndipo zipatso zimene zinapsa zinali zazing'ono ndi zosatsekemera poyerekeza ndi za mizere ina. Dothi, mbewu, madzi ndi feteleza zinali zofanana m'munda monse. Chosiyana chinali kuchuluka kwa masamba.

Tomato atatha tinagwirizana kuti dothi lipite kukayezedwa mokwanira, ndipo laimu wothira akhale wa dolomite, amene amachepetsa asidi n'kuwonjezera maginiziyamu pamodzi ndi kashiamu. Ayenera kusakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu mbewu ina isanalowe, pamodzi ndi manyowa owola bwino oti mchenga uzigwirako michere.

Pa fomu imene ndimalembapo mlimi akabwera ndi chitsanzo ndawonjezera mafunso anayi oyamba: tsambali lachokera pansi, pakati kapena kunsonga, mitengo yonse ili chonchi kapena malo amodzi, mwathira chiyani m'masabata anayi apitawa, mwapopera chiyani, nthawi yanji. Amene sangathe kubweretsa mtengo wathunthu ndimamupempha masamba atatu a mtengo umodzi, la pansi, la pakati ndi la kunsonga, lililonse m'pepala lakelake louma lolembedwa kumene lachokera, komanso chithunzi cha mzere wonse chojambulidwa m'mawa.